Mable ndi Nkhondo ya Pampu

Mable Kamzimbi anabadwira ku Sizinda mumzinda wa Bulawayo, ku Zimbabwe, m'nyumba ya zipinda ziwiri yoyang'anana ndi njanji. Bambo ake, a Abednego, anachoka ku Ntcheu ali mnyamata nthawi ya Chitaganya, nadzalembedwa ntchito pa fakitale yosoka maovolosi ku Belmont, komwe anadula nsalu mpaka imvi zinamera. Mayi ake, a Lizzie, ankagulitsa tomato ndi anyezi pakhonde. M'nyumbamo makolo ankayankhula Chichewa, ana n'kumayankha m'Chindebele. Mable Chichewa ankachimva chonse, makamaka akamakalipiridwa, koma akati ayankhule lilime linkamuthawa. Ankatha kunena kuti "mpando yanga" nkhope ili bwinobwino, bambo ake n'kugwira mutu.

Kusukulu kokha ndiye kunalibe womuposa. Dziko litangolandira ufulu, mayiko ambiri anayamba kuitana achinyamata a ku Zimbabwe kuti akaphunzire kwawo. Anzake a Mable ena anapita ku Mangalande, ena ku Jeremani. Iye mwayi unamugwera wa ku China, kukaphunzira Chitchaina pamodzi ndi za ubale wa mayiko pa yunivesite ina ku Beijing.

A Lizzie atamva anakhala pansi. "Kumeneko kuli tchalitchi?"

"Sindikudziwa, amayi."

"Nanga ubale wa mayikowo ndiye ntchito yanji?"

A Abednego ndi amene anayankha, ngakhale nawonso anali atangomva kumene. "Ndi ukazembe, mayi a Mable. Dziko ili likayambana ndi dziko lina, aziitana mwana wathuyu."

Kuyambira tsiku limenelo dzina la Mable linatha pakamwa pawo. Anayamba kumutchula kuti Kazembe, ndipo pasanapite nthawi fakitale yonse inkadziwa kuti m'chipinda chodulira nsalu muli bambo a Kazembe.

Ku Beijing chaka choyamba chinali cha chinenero chokhachokha. Anzake a m'kalasi ochokera ku Ulaya ankalira ndi kukweza ndi kutsitsa kwa mawu, poti mawu amodzimodzi ukawakweza ndi mayi, ukawagwetsa n'kuwadzutsa ndi kavalo. Mable sizinamudabwitse. Anakulira m'nyumba momwe ukafunsa mtengo wa tomato mosasamala, mayi ako amakulozera mtengo wa mango uli panja. Khutu anali nalo kale. Chimene chinamuzunza ndi zilembo, zomwe ankazilemba mpaka chala chinachita chikanga, ndiponso kuzizira kumene kunkalowa mpaka m'mano. Anaphunzira kudya ndi timitengo, kumwa madzi otentha opanda masamba, komanso kuima phee m'basi agogo osawadziwa akumugwira tsitsi kuti aone ngati lili lenileni.

Zaka zotsatira anaphunzira za mapangano, za malire, za mmene nkhondo zimayambira ndi mmene zimathera. Mphunzitsi wawo wina wokalamba ankakonda kunena kuti nkhondo zambiri zimatalika chifukwa atsogoleri anayankhula mokweza anthu awo akumva, ndiye sadziwa pobwerera. Ntchito ya mkhalapakati, ankatero, ndi kuwapezera pobwererapo popanda wowaseka. Mable analemba zimenezi pamayeso n'kukhoza bwino, osadziwa kuti adzazigwiritsa ntchito pa bambo ake omubereka.

Kuno ku Belmont, pafupi ndi geti la fakitale, panali sitolo ya a Gibson Leong. Anali Mtchaina wobadwira mu Bulawayo momwemo, wazaka zofanana ndi a Abednego, wosakonda zoyankhulayankhula. Ankagulitsa mabanzi, zakumwa, sopo, parafini ndi zipangizo za njinga. Pakhonde la sitolo panali pampu yomangidwa ndi unyolo, ndipo aliyense wa pafakitale ankapopa njinga yake pamenepo osalipira. Ndi makasitomala awo a Gibson ankayankhula Chindebele, nthawi zina Chilapalapa, chinenero chosakaniza chija cha m'migodi. M'mawa uliwonse a Abednego akamagula banzi ankawauza kuti, "Mwana wanga ali kwanu." A Gibson ankangoti, "Yebo, baba," n'kupitiriza kukulunga.

Mable anabwerako mu 1986 ali ndi digiri, sutikesi ya mabuku ndi thermosi yofiira yoti amayi ake azisungiramo tiyi. Anapita ku Harare kukadzionetsa ku maofesi a boma, kumene anamulandira bwino n'kumuuza kuti adikire, adzamuitana. Anabwerera ku Sizinda n'kumathandiza kugulitsa tomato. Anthu anayamba kufunsana ngati Kazembe wake ndi wa anyezi, ndipo a Abednego zinawafika m'khutu.

Lachisanu lina anamuuza kuti avale suti yake ya ku Beijing, akawapeze pageti nthawi ya nkhomaliro. Mable ankaganiza kuti akukaonana ndi mabwana a fakitale. Atafika anapeza bambo ake ataima ndi chipinda chonse chodulira nsalu, ena a kosokera, ndi mlonda wa pageti amene anasiya geti lotsegula. Gulu lonselo linalowa m'sitolo ya a Gibson mpaka ena anatsala pakhonde.

"Ndakubweretserani munthu woti muyankhule naye chakwanu," anatero a Abednego m'Chindebele. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo. "Yamba."

Mable anafuna kukana, koma maso onse anali pa iye. Anaweramitsa mutu pang'ono n'kupereka moni wautali, wa ulemu wonse umene anauphunzira, wofunsa za moyo, za banja ndi za malonda. Mawu anatuluka bwino kwambiri moti ngakhale mlonda anavula chipewa.

A Gibson anamuyang'ana, n'kuyang'ana a Abednego. "Uthini lo?" anafunsa. Akuti chiyani ameneyu?

Kenako wina kumbuyo anatsamwa ndi banzi, ndipo kuseka kunayambira pamenepo mpaka kufika pakhonde.

Mable anayesa kufotokoza. Anafunsa a Gibson kumene makolo awo anachokera, iwo n'kuti ku Canton. Anauza anthuwo kuti kumeneko amayankhula Chikantoni, pamene iye anaphunzira Chimandarini cha ku likulu, ndipo ziwirizi n'zotalikirana kuposa Chichewa ndi Chindebele. A Gibson anavomera kuti ngakhale Chikantonicho iwo amangodziwa mayina a zakudya ndi mawu amene mayi awo ankawakalipira nawo. Koma palibe amene ankamvetsera. Anthu anali atapeza kale nkhani yokafotokoza kunyumba.

A Abednego nkhope inali itachita thukuta. "Ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikugula kwa Mtchaina wabodza," anatero mokweza.

A Gibson anaika pansi pepala lokulungira. "Kapena mwana wanuyu anangopita kukadya mpunga zaka zisanu."

Nkhondo inayambira pomwepo. Madzulo omwewo a Abednego analengeza pageti kuti sitolo ya a Gibson aiika pa masankishoni. Mawuwa aliyense ankawadziwa kuyambira nthawi ya Rhodesia. Aliyense wochokera ku Nyasaland kapena ku Chipata, anatero, asagulenso banzi pamenepo, ndipo Amandebele a mtima wabwino athandize. Poti anali mkulu wa mpingo komanso wapampando wa bungwe la maliro, anthu anamvera. Palibe amene ankafuna kudzaikidwa m'manda popanda kwaya chifukwa cha banzi.

M'mawa mwake pampu inali itachoka pakhonde. Panangotsala unyolo.

Apa m'pamene anthu anazindikira kuti njinga za ku Belmont zinkayenda ndi mpweya wa a Gibson. Machubu ambiri anali a zigamba zokhazokha, ofuna kupopedwa m'mawa ndi madzulo. Pasanathe sabata amuna akuluakulu ankaoneka akukankha njinga mpaka ku galaja ya ku Donnington, komwe mnyamata wothira petulo ankawayang'ana ngati opemphetsa. Ena anayamba kufika mochedwa n'kumakalipiridwa ndi folomani. Kumbali ya a Gibson mabanzi ankauma m'kabati yagalasi, ndipo madzulo ankawaponyera nkhuku za mlonda, zomwe zinanenepa mwezi umenewo.

Amene zinawapweteka kwambiri anali a Lizzie, poti tsopano ankadzuka m'mamawa kuphikira amuna awo chakudya chonyamula. Tsiku lina anamupeza Mable akuwerenga buku lake pakhonde n'kumulanda.

"Unapita kutali kukaphunzira kuyanjanitsa mayiko," anatero. "Madoda awiri okha akukukanika?"

"Amayi, bambo safuna kumva."

"Sindinati ukawauze kuti amve. Ndakhala nawo zaka zonsezi, sanamvepo. Ndati ukawayanjanitse."

Mable anaganiza kuti kulowera kutsogolo kwa sitolo kungaoneke ngati mwana wa wapampando waphwanya masankishoni, choncho anazungulira kumbuyo. Kumeneko anapeza kadimba ka ndiwo zamasamba, ndipo nkhalamba ina yoonda, ya kabudula wamkulu, inkathirira ndi chitini. Anali bambo awo a a Gibson. Anthu a pafakitale ankadziwa kuti aliko, koma ambiri anali asanawaonepo. Anabwera ku Africa ali mnyamata, ndipo chimwalirireni akazi awo sankatuluka.

Mable anawapatsa moni m'Chimandarini. Nkhalambayo inayankha m'Chikantoni. Anayang'anana, aliyense akudikira kuti mnzake anene zomveka. Kenako Mable anatola kamtengo n'kulemba pansi ponyowa kuti, "Agogo, muli bwanji?"

Nkhalambayo inaika chitini pansi. Inawerama, n'kuwerenga, n'kumulanda kamtengoko. Zinenero ziwirizi zimasiyana pakamwa, koma zikalembedwa munthu wa mbali iyi amatha kuwerenga za mbali inayo. Zilembo za nkhalambayo zinatuluka zokongola kuposa za aphunzitsi a ku Beijing. Inalemba kuti, "Ndili bwino. Zilembo zako bwanji zili zoonda chonchi? Anazidula miyendo ndani?"

Mable anafotokoza kuti masiku ano ku China anazipeputsa kuti ana asamavutike. Nkhalambayo inapukusa mutu n'kulemba kuti ana a masiku ano ndi aulesi kulikonse. Analemberana mpaka malo onyowa anatha, nkhalambayo n'kuthira madzi pena kuti apitirize. Inafunsa ngati mtsinje wa kwawo udakalipo, ngati anthu akudya mokwanira, ngati sitima zafika kumudzi. Mable atafotokoza za mkangano uja, inaseka mpaka kutsokomola, n'kulemba kuti, "Bambo ako sananame kwenikweni. Mwana wangayu nkhope ndi yanga, pakamwa ndi pa kuno."

A Gibson atatuluka kudzataya mabanzi anapeza bambo awo atagwada m'matope akuseka ndi mwana wa mdani wawo. Anaima nthawi yaitali atanyamula thireyi. Mable anadzuka n'kuwapempha kuti alole zokambirana, ndipo iwo anangoti, "Ngati adala akufuna."

Kwa bambo ake Mable anapita ndi nkhani ina. Anawauza kuti mbali inayo yapempha msonkhano, ndipo mtsogoleri wawo weniweni, mwini sitolo woyamba, akufuna kukumana ndi mtsogoleri mnzake. Anawonjezera kuti pa misonkhano ya mayiko mtsogoleri aliyense amayankhula chinenero chake, womasulira n'kukhala pakati. A Abednego anafunsa ngati avale tayi.

Msonkhano unachitika Lamlungu atatuluka m'tchalitchi, kuseri kwa sitolo. Anaika tebulo pansi pa mtengo wa mapeyala. Mbali imodzi kunakhala a Abednego ndi a Lizzie, mbali ina nkhalamba ija ndi a Gibson. Mable anakhala pakati ndi makatoni odula olembapo. Amuna a pafakitale anatsamira mpanda, njinga zawo zakuphwa zili pambali.

A Abednego anayamba m'Chichewa chakuya cha ku Ntcheu. "Uwauze kuti mabanzi awo ndi olimba ngati njerwa, ndipo takhala tikuwagula chifukwa cha chisoni. Uwauzenso kuti mwana wawoyu ndi wamwano."

Mable analemba kuti, "Bambo anga akuti adya mabanzi anu zaka zambiri ndipo sangawaiwale. Akutinso mwana wanu amayankhula mosabisa."

Nkhalambayo inawerenga, n'kugwedeza mutu movomera. Kumpanda kunamveka kung'ung'udza. Anthu anali ataona ndi maso awo Mtchaina weniweni akuwerenga zimene mwana wa Kamzimbi walemba. A Abednego anatembenuka pang'ono kuti aone ngati onse aona, n'kukonza tayi.

Nkhalambayo inalemba yankho: "Waphokosoyu ndi amene amapopa ulere uja?"

"Akuti mawu anu ndi amphamvu, bambo," anatero Mable, "ndipo pampu lakusowani."

"Yakusowani," anamukonza a Abednego. "Pampu yakusowani. Chitchaina ukuchitha, chakwanu chikukukanika."

"Yakusowani."

"Uwauze kuti ifenso taisowa, koma si nkhani ya pampu ayi. Ndi nkhani ya ulemu."

Anapitiriza chonchi kwa nthawi ndithu. A Abednego ankaponya miyala, Mable n'kumaifikitsa ili mikate. Nkhalambayo, imene inkaoneka kuti msonkhanowu ukuisangalatsa kuposa wina aliyense, inafunsa ngati munthuyu amapuma akamayankhula, ndipo Mable anamasulira kuti akufunsa za thanzi lawo. A Abednego anayankha mwatsatanetsatane za bondo lawo lamanzere. A Gibson nthawi yonseyi manja anali pachifuwa, akuyang'ana mapeyala.

Pamapeto panatsala mawu aja akuti wabodza. Mable anawauza bambo ake motsitsa kuti mbali inayo ikufuna kumva kanthu pa mawu amenewo.

"Sindipepesa," anatero a Abednego. "Uwauze kuti ndinanena ndili wokwiya, ndipo munthu akakwiya amanena zimene wanena. Koma kupepesa ayi."

Mable analemba mizere iwiri. Nkhalambayo inawerenga, n'kugwira dzanja la mwana wake, n'kunena mawu ochepa m'Chikantoni, mwina mwa aja okalipira amene a Gibson ankawamva. A Gibson anaimirira n'kunena m'Chindebele, mokweza kuti a kumpanda amve: "Ndalandira kupepesa kwa a Kamzimbi. Nanenso ndabweza mawu anga a mpunga. Mwana wawo ndi wophunzira."

"Ndapepesa ine?" anafunsa a Abednego.

A Lizzie anawaponda phazi pansi pa tebulo.

"M'Chitchaina, bambo," anatero Mable, "mukanena kuti munayankhula muli wokwiya, mawu ake amatuluka choncho. Palibe njira ina yolembera."

A Abednego anaganiza pang'ono. Kumpanda anthu anali atayamba kale kuwomba m'manja, ndipo wina anali atagwira njinga yake akuyang'ana chitseko cha sitolo. "Chinenero chakuya," anatero pomaliza, n'kutambasula dzanja.

Pampu inabwerera pa unyolo wake masana omwewo, ndipo mzere wa njinga unafika mpaka kumsewu.

Lolemba Mable anapita kukagula sopo. M'sitolo munalibe wina. A Gibson anamukulungira sopoyo, kenako ananena m'Chichewa chosalala, chopanda chilema: "Olimba ngati njerwa, eti?"

Mable anatsala pang'ono kugwetsa sopo. "Mumamva Chichewa?"

"Anandilera ndi mayi wa ku Dedza amene ankagwira ntchito kwathu. Ndinayamba Chichewa ndisanayambe Chingerezi."

"Ndiye munamva zonse zimene bambo ananena. Bwanji simunayankhe?"

"Ndimafuna kugulitsa mabanzi, mwana wanga. Iwe umafuna mtendere, ine ndikanausokoneza chifukwa chiyani?" Anapukuta kauntala. "Komanso ndi olimbadi. Ndasintha kogula."

Kenako anamupempha chinthu. Anati ana awo awiri sanachezepo ndi agogo awo kupitirira moni, ndipo iwo eni anaona bambo awo akuseka tsiku lija koyamba chimwalirireni mayi. Anafunsa ngati Mable angamabwere Loweruka lililonse kudzawaphunzitsa kulemba.

Ndi mmene zinakhalira kuti mwana wa wodula nsalu wa ku Ntcheu ankaphunzitsa Chitchaina ana a Mtchaina ku Belmont. Kalasi inkachitikira pa tebulo lomwe lija. Nkhalambayo inkakhala pambali n'kumakonza zilembo za mphunzitsi ndi za ophunzira omwe. Posakhalitsa mabanja ena a Chitchaina a m'tauni anamva, n'kuyamba kutumiza ana awo. A Abednego nawo ankabwera, akuti kudzayendera sukulu, n'kumagona pampando mpaka tiyi atafika.

Chaka chotsatira madokotala a ku China atabwera kudzagwira ntchito m'chipatala china, Mable anapeza ntchito yomasulira pakati pa iwo ndi odwala. Pambuyo pake ku Harare anamuitanadi. Ukazembe sanaufike, koma anakhala zaka zambiri kumbuyo kwa mipando ya akuluakulu pa zokambirana za malonda, akunong'oneza m'khutu. Anakwatiwa ndi mphunzitsi wa masamu wa ku Gwanda, ndipo ana awo Chichewa amangochimva akamakalipiridwa ndi agogo awo.

Nkhalamba ija itamwalira, a Abednego anabweretsa kwaya ya bungwe la maliro ngakhale malemuyo sanali membala, ndipo ananyamula nawo bokosi. Zilembo za pamwala wa pamanda anajambula ndi Mable, wosema n'kutsatira. Kuyambira pamenepo mlendo aliyense wochokera ku Malawi amene anafikira kwa a Kamzimbi ankatengedwa pa basi kukaona manda a munthu amene sankamudziwa. A Abednego ankaima patsogolo pa mwalawo, n'kuvala magalasi, n'kumawerenga mokweza akuyendetsa chala, kuyambira pansi kupita m'mwamba. Tsiku lina ankati palembedwa kuti malemuyo anali mnzawo wapamtima, tsiku lina kuti anali wokonda mtendere ndi Amalawi. Nthawi zina a Gibson ankawaperekeza. Mlendo akatembenukira kwa iwo kuti atsimikize, poti ndiwo mwini bambo, a Gibson, amene nawonso sankatha kuwerenga chilembo ngakhale chimodzi, ankavomera kuti n'zimenezo.